Choso ndi zenera la pamwamba

Mayi a Maluwa, monga ankawatchulira anthu a mumsewumo, anali ndi nazale kuseri kwa nyumba, chisakasa cha magalasi chimene anamanga malemu amuna awo. Zonse za mmenemo zinali malonda kupatula chomera chimodzi cha maluwa ofiira, otalika ngati chala, chimene bamboyo anatenga m'nkhalango ya kuphiri isanadulidwe. Chomerachi chikachita maluwa chimauma, ndiye chaka chilichonse pamafunika njere zatsopano.

Malemuwo anali ndi kakhalidwe kotopetsa: zenera la pamwamba sankatseka. Zaka makumi awiri mayi analankhula mpaka kukamwa kuuma, bambo n'kumangoti, "Ndaiwala, mayi," mawa lake chimodzimodzi. Maliro atatha, mayi anakwera pamakwerero n'kulimanga zeneralo ndi waya. Masamba ouma anasiya kulowa, m'chisakasa munali mwaudongo kwabasi.

Koma njere zinakana. Maluwa ankatuluka okongola, n'kuthothoka osasiya kanthu. Mayi anadzala njere zimene bambo anasiya m'botolo, chaka chotsatira anadzala zotsalazo, botolo n'kukhala mbee. Anasintha dothi, anathira manyowa, ayi ndithu. Tsopano panatsala maluwa anayi okha, ndipo mayi ankaopa kuti akathothoka amenewo, bambo afa kachiwiri.

Tsiku lina m'mawa mlamu wawo, kalipentala, anabwera kudzakonza mashelefu. Ali mkati mokhoma, anamva kugogoda pagalasi la pamwamba. Kanali kachoso, kambalame kochepa ngati chala chachikulu, kobiriwira monyezimira, ka mlomo wautali wopindika.

"Alamu, wantchito wa achimwene uja mwamutsekera panja?"

"Wantchito wake uti? Kameneko kamangondidetsera magalasi."

"Aka kamatsika kuphiri kudzamwa timadzi totsekemera ta m'maluwa. Kakalowetsa mlomo m'duwa ili, ufa wachikasu umamata pachipumi, n'kukausiya mu linalo. Popanda iko, njere muzingozilota."

Mayi anagwira m'chiuno. "Nanga bamboyo osandiuza bwanji?"

"Kukuuzani inu?" anaseka kalipentala. "Mukayamba kulankhula mumapatsa munthu mpata?"

Mayi anayang'ana m'mwamba, pa waya uja. Manyazi anawagwira, chisoni n'kubwera pambuyo. Analanda pulayala m'manja mwa kalipentala, anakwera okha, n'kudula waya uja.

Kachoso sikanalowe tsiku limenelo. Mawa lake duwa limodzi linagwa. Tsiku lachitatu, mayi atakhala chete kuseri kwa matumba a manyowa, kanalowa, kanalira kawiri, kanayendera maluwa atatu otsalawo, n'kutuluka chipumi chili chachikasu. Patatha milungu itatu panaoneka kachikwama kamodzi ka njere.

Mvula itayamba, kasitomala wina anaona madzi akudontha pamashelefu atsopano aja, analoza m'mwamba.

"Mayi, zenera ilo mwalisiya chotsegula."

Mayi sanadzutse n'komwe mutu. Anapitiriza kuthira njere m'botolo la bambo.

"Ndaiwala," anatero.