Dzungu Kumsana

Chaka cha chimfine chachikulu chija, amesinjala ochokera ku boma la Port Herald anafika kwa Tengani nalamula kuti munthu asaponde pakhomo pa mnzake. Ngakhale pamaliro anthu sankasonkhana.

Esinala anapirira masiku awiri akumva khanda likulira kuseri kwa mpanda. Linali la Geresomo, msodzi amene mkazi wake anali atangomwalira kumene. Tsiku lachitatu anatopa nazo.

"Inu a Geresomo, mukufuna mwanayo afe ndi kulira? Mberekeni!"

Bamboyo anatuluka mwana ali m'manja, nsalu ili paphewa. "Ndayesa, mayi, koma akungopulumuka."

"Maukonde mumamanga tsiku ndi tsiku, ndiye mfundo ya nsalu ikukanikeni?"

Esinala anathyola dzungu kuseri kwa nyumba, nakaima poonekera. Anawerama, naliika kumsana, nalikuta ndi mbereko, namanga pachifuwa.

"Weramani kwambiri! Matako akhale m'nsalu, miyendo ituluke. Kokani, si dzira limenelo!"

Kachitatu mfundo inagwira. Anamulangizanso kaphikidwe ka phala la mapira lamadzimadzi, kenaka anamuuza kuti aziyenda naye mwanayo uku ndi uku pabwalo mpaka kulira kunaleka, kamutu katagwera pambali.

Geresomo anaomba m'manja chapansipansi n'kulowa m'nyumba. Esinala anatsala chiimire pamenepo, akugwedezeka pang'onopang'ono, dzanja likusisita kumsana. Mberekoyo inali ya mwana wake, amene anamuika m'manda masiku asanu apitawo. Ntchito zonse za tsikulo anagwira dzungu lili kumsana.