Njira ya a Afonso Yogonetsera Mwana

A Afonso anali atanyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo pa Likhubula ankadziwika ndi mfundo imodzi: munthu ukamutopetsa, amagona. Umboni anali nawo. Anaonapo mzungu atagona ku Chambe nsapato zili kuphazi, supuni ili m'manja.

Choncho mwana wawo Takondwa, wa miyezi isanu, atayamba kukana tulo, iwo sanaone vuto. Amene analiona ndi akazi awo, a Esperanca, amene anali atatha sabata osagona bwino. Lachitatu anathira mchere mu tiyi. Lachinayi mayi awo a Esperanca anaimba foni kuchokera ku Limbuli, n'kunena kuti Loweruka masana abwera kudzatenga mwana wawo ndi mdzukulu yemwe, akakhale kumudzi mpaka khandalo litayamba kuyenda.

A Afonso anawerenga miyeziyo pa zala. Sinawasangalatse.

"Mayi a Takondwa, Loweruka inu mugone," anatero. "Mwanayu mundisiyire ine. Amayi adzamupeza ali m'tulo tofa nato, abwerere okha."

Loweruka ntchito inayamba sikisi koloko. Mwana atangoyamwa, anamunyamula kupita naye kumsewu, n'kumuonetsa njinga zamoto, mbuzi ndi phiri lenilenilo, akumutchulira mayina a nsonga zake. Cha m'ma naini Takondwa anayasamula, n'kutikita maso, n'kuyamba kukoka khutu lake.

"Ayi, mayi," anatero bambo ake. "Tikadali m'munsi."

Anamuyatsira wailesi. Anamuvinitsa. Atayasamulanso cha m'ma leveni, anatsika naye kumtsinje n'kumuviika mapazi m'madzi ozizira, monga amachitira ndi alendo ofooka. Masana anakamusiya kubere. Mwanayo anayamwa pang'ono, n'kulavula, n'kupinda msana ngati uta, kenaka anayamba kulira kwenikweni, kosapumira. A Afonso anatuluka naye msanga akazi awo asanadzuke bwinobwino.

Pamphambano panali mayi Janeti, ogulitsa nanazi, amene analera ana asanu ndi mmodzi pambali pa benchi lawo logulitsirapo lomwelo.

"Achimwene, mwanayo mwamutsina?"

"Ndikumutopetsa."

"Munamaliza kalekale. Anatopa naini koloko, ine ndikuona ndili pompano. Tulo tinabwera, inu n'kutithamangitsa ndi wailesi."

"Komatu azungu akatopa..."

"Uyu ndi mzungu? Khanda likatopa mopitirira siligona, limalusa. Tembenukani."

Mayiwo anamasula chitenje chapamwamba, n'kumubereka mwanayo pamsana wa bambo ake, n'kumanga mfundo pachifuwa.

"Mupite pamalo pamdima, popanda phokoso. Muziyenda pang'onopang'ono. Osamuimbira, osamufotokozera kanthu. Pakamwa potseka. Ndikudziwa kuti povuta ndi pamenepo."

Njira yobwerera kunyumba inkadutsa pamtengo pamene onyamula katundu amadikirira alendo. A Afonso anali wapampando wa gululo, ndipo chitenjecho chinali cha maluwa achikasu.

"Apampando!" anakuwa Harold, amene anali atagona pamuzu. "Katunduyo ndi wa ku Sapitwa kapena tingomusiya pa Chambe?"

"Alendo anuwo akudandaulatu," anawonjezera Noel, mnzake. "Sadzabweranso ku Malawi."

A Afonso anali ndi mayankho awiri abwino kwambiri. Anawameza onse.

Malo amdima okha amene anali nawo ndi kanyumba kosungiramo makasu ndi makala, kuseri kwa bafa. M'litali mwake munali mapazi anayi. Anayenda anayiwo, n'kutembenuka, n'kuyenda anayi ena. Mwana analira mphindi makumi awiri, n'kufwenthera zina khumi. Kenaka kamutu kanagwera pamsana, kotentha, kolemera kuposa mmene ankaganizira.

Anayesa kukhala pathumba la makala. Takondwa anang'ung'udza. Anaimirira. Anayesa kungoima chilili. Takondwa anang'ung'udzanso. Basi anayamba kugwedezeka uku ndi uku, ndipo anakhala choncho mpaka firii koloko.

Apongozi atatsika panjinga yakabaza, anapeza mwana wawo akuliza mkonono, pakamwa pali yasa. Anatseka chitseko mwakachetechete n'kuzungulira nyumba. Pakanyumba ka makala anaima chammbali, poti mkamwini sayang'anidwa kumaso, ndipo analankhula ndi chitseko.

"Wagona nthawi yanji?" ananong'ona.

A Afonso anatulutsa chala chimodzi pampata.

"Wakuphunzitsani ndani?"

"Ndi njira yanga, amayi."

"Eya. Ndaima pa Janeti kugula nanazi. Wandiuza za njira yanuyo. Ndi zakumtsinje zomwe."

M'katimo munkangomveka mapazi.

"Sindiwatenga," anatero apongozi. "Mwana wagona, mayi wake wagona. Ine sindidzutsa anthu."

A Afonso anapuma mpweya wautali, mosamala kuti msana usagwedezeke.

"Koma sindingasiye mdzukulu wanga ndi munthu woviika makanda m'madzi. Ndikhala ine konkuno. Mawa mupite ku Limbuli mukatenge zovala zanga, mphasa, ndi nkhuku ziwiri zili m'khitchini."

A Afonso anatsegula pakamwa. Takondwa anatakasa mwendo. Anatseka pakamwa paja, n'kuyenda mapazi anayi, n'kutembenuka.