Mchenga wa Pansi pa Galasi

Sedinam ataona bambo ake akuvula nsapato pakhomo la chipinda cha nyanja, anawathamangira.

"Ababa, muno salowa chovula."

"Kodi si iwe unati mkatimu muli kwathu?" a Agbeko anafunsa, nsapato zili kale m'manja.

Chipindacho anachikonza ndi Sedinam yemweyo, m'nyumba yoonetsera za sayansi ku Accra. Makoma onse anayi ankaonetsa mudzi wakwawo monga unalili nyanja isanaumeze: mitengo ya kokonati, mabwato, maukonde oyanika padzuwa. Poponda panali galasi, ndipo pansi pake pankaoneka mchenga. Pakati panali gudumu. Mlendo akalipukusa zaka zinkathamanga, mafunde n'kumadya nyumba imodziimodzi. Sedinam ankanyadira kuti munthu saiwala chimene wachita ndi dzanja lake. Komatu anthu a mumzinda ankapukusa akuseka, kuiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsikulo gudumu linali m'manja mwa njonda ina ya suti.

"Taonani, ndamiza tchalitchi!" inatero, anzake n'kufa nalo phwete.

"Achimwene," a Agbeko anatero mofatsa, "tabwezani m'mbuyo. Mwapitirira akazi anga."

Njonda ija inaleka kuseka. Inabweza gudumu pang'onopang'ono, nyanja n'kuyamba kulavula zimene inameza, mpaka kuseri kwa tchalitchi kunatulukira mtengo wopendekeka, pansi pake pali manda opaka laimu.

"Basi, pomwepo."

Zaka khumi ndi chimodzi zinali zitatha chimezedwere mandawo, ndipo nkhalambayo inali isanathirepo nsembe kwa mkazi wake. Inatsitsa nsalu paphewa kufika m'chiuno monga achitira mwamuna poyankhula ndi akufa, n'kusolola kabotolo ka kachasu. Sedinam anacheukira kukhoma. Chikwangwani choletsa zakumwa anachilemba yekha, poti pansi pa galasilo panadutsa mawaya. Mlonda anayamba kuyandikira. Sedinam anayang'ana mlondayo, anayang'ananso msana wa bambo ake womwe unali utatha ngati chikuni, ndipo anakweza dzanja kuti mlondayo awasiye.

"Mawulawoe, mkazi wanga, ndine," anatero a Agbeko. "Ndachedwa, usandikalipire. Mwana wako uja ndi uyu, amalamula nyanja ndi gudumu masiku ano. Ine mawondo anatha, panyanja sindipitanso. Landira, unyowetse kukhosi."

Anathira katatu n'kudikira. Kwawo nthaka ikamwa nsembe ndiye kuti wakufa walandira. Koma kachasu anangodikha pagalasi, kenako anayenderera mpaka kukhudza zala za kumapazi kwawo. Mchenga wa pansiwo unakhalabe wouma.

"Amayi ako akana."

Sedinam anali atafotokozera anthu zikwizikwi za mafunde ndi kukokoloka kwa gombe, koma apa anangoloza pansi.

"Ababa, sanakane. Ndi galasi ili."

"Ndikudziwa, mwana wanga, sindinapenge." Anamuyang'ana, misozi ili lengelenge m'maso. "Nanga ndikathire kuti?"

Njonda ija inali itagwira gudumu ndi manja onse awiri, kuopa kuti lingasunthe, thukuta lili kamukamu pamphumi. Anzake anayang'ana pansi. Mayi wina anavula nsapato zake mwakachetechete.

A Agbeko anagwada movutikira, mawondo akulira, n'kuyamba kupukuta galasilo ndi nsonga ya nsalu yawo.

"Siyani, ababa, abwera okolopa."

"Iyayi, angakuchotse ntchito. Komanso za amayi ako sizipita pa chikolopa."

Anapukuta mpaka dontho lomaliza. Atadzuka anakweza nsalu paphewa, nsonga yonyowa ija ataifumbata pachifuwa, ndipo anatuluka osacheuka, kusiya mudzi wonse ukuwala pakhoma.