Kabokosi ka Maikolofoni ya Namzeze

"Alamu, khonde langali si la boma ayi!"

Amake Namzeze anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Alamu awo, okonza mawailesi, anayala tebulo lawo pakhondepo chilimwe chonse osalipira lendi. Pangano linali limodzi basi: amupangire Namzeze kabokosi kokweza mawu a maikolofoni yake. Mtsikanayo ankafuna kujambula nyimbo yoti atumize ku bandi ina imene inkasaka woimba, ndipo tsiku lomaliza linali Loweruka. Kabokosiko anapangadi, m'chitini cha mabisiketi, koma maikolofoni inangoti zii ngati mwala.

"Mwana waimba mpaka mawu kusasa, mufoni mukungomveka fuuu. Mwatipangira mphepo kodi?"

Alamu anaika pansi chowotcherera nthambo. "Mlamu, paja ndinanena kuti maikolofoni yamtundu uwu imadya magetsi. Amayenda mobisala m'nthambo yomweyo ya mawu. Imafuna mavolti 48. Inu munati chiyani?"

Mayiwo anakumbukira bwinobwino, ndipo sanaone cholakwa. Chibadwire sanavomerepo nambala yoyamba yotuluka m'kamwa mwa munthu. Wamakala amawadziwa, telala akawaona amayamba kutsitsa mtengo yekha asanapereke n'komwe moni. Ndiye tsiku lija alamu atati 48, iwo anati 10. Alamu anati sizitheka. Iwo anatembenuka ngati akuchoka, mpaka anagwirizana pa 12.

"Munavomera nokha," anatero mayiwo.

"Ndinavomera chifukwa munati mundichotsa pakhonde!"

"Nanga 48 yonseyo ya chiyani? Kanthu kochepa ngati chitsononkho kadye kuposa wailesi? Wailesi yanga imalankhula tsiku lonse ndi mabatire awiri."

"Amene amapanga mamaikolofoni anagwirizana choncho, mlamu. Si ine."

"Anagwirizana ine kulibe."

Namzeze anasuzumira pawindo. "Amayi, chonde, lero ndi Lachinayi."

"Iwe khala chete, akuluakulu tikukambirana." Anakoka mpando n'kukhala. "Chabwino alamu, 24. Ndakwera kwambiri pamenepa."

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Mukunenerera ndi ine, koma wokana ndi uyu." Anatukula maikolofoni ija. "Muuzeni yekha."

Mayiwo anaiyang'ana. Wogulitsa wosayankha ndiye woopsa, zimenezo ankazidziwa.

"Yotsikitsitsa imene angalandire ndi ingati? Musandinamize."

Alamu anakanda m'mutu. Anati lamulo lake limalola kupereweza pang'ono, mpaka 44. Mabatire aang'ono amakona anayi aja, a mavolti 9, atawalumikiza asanu motsatizana angakwane 45.

"Ehee! Ndiye kutsika kunalipo! Anthu inu mumabisa."

"Koma mabatirewo mugula ndinu."

"Ine? Khondeli mumasesa ndinu?"

Alamu anavala chipewa n'kupita kugolosale akung'ung'udza. Atabwerako anamanga mabatire asanuwo ndi tepi yakuda, anasintha tizitsulo tiwiri m'chitinimo, utsi wa mtovu uli tolo. Mayiwo sanasunthe. Anawerenga mabatirewo ndi chala, kuopa kuti lina lingalowe m'thumba mwa alamu.

Namzeze anavala zomvera m'makutu, alamu n'kutsegula switchi. Mtsikanayo anadzidzimuka.

"Amayi! Ndikumva mpaka mpando wanu kulira!"

"Mpando usiye, imba."

Anaimba ndime imodzi. Ataibwereza pafoni, mawu anatuluka oyera, okoma, moti mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu anatembenuka. Amake Namzeze anamvetsera nkhope ili gwa, ngati akuyesa nsalu ngati ili yosasuluka.

"Bwerezanso, pakati paja wathamanga."

Alamu anapukuta manja pa thalauza. "Ndiye ngongole yanga yatha, mlamu?"

"Ya chilimwe yatha," anatero mayiwo akunyamula mpando wawo. "Za dzinja tikambirana mvula ikagwa."