Kabokosi ka Patebulo

"Tinasiya makasu m'munda, tinakhala pansi kuzungulira wailesi," anatero Amayi Lenia atafika ku ofesi, akukutumula fumbi la kwawo ku Madzimoyo pachitenje. "Amuna onse tinawamva, ngakhale Matiyasi amene anangokamba za njinga yake. Ife azimayi, zii! Tinakulakwirani chiyani, a Fulansisi?"

Fulansisi anapendeketsa mutu, khutu lamanzere kutsogolo, monga ankachitira masiku amenewo. Ankagwira ntchito pa kabungwe kothandiza alimi mu Chipata. Ankajambula mawu a alimi pa kaseti, kuwalowetsa mu kompyuta, kudula zosafunika, n'kutumiza pulogalamuyo ku Lusaka pa basi kuti ikaulutsidwe. Kompyutayo inafika mu 1998, koma iye ntchitoyi anali atakalamba nayo kale.

"Pamenepo tepi inalibe kanthu, amayi. Ndinangomva kuti shii, ndiye ndinadula."

"Inalibe kanthu? Ine ndinakamba za mbewu ya mtedza yobwera mochedwa mpaka kukhosi kunauma!"

Zoona zake n'zakuti azimayi a kumeneko sakweza mawu pamaso pa mlendo wamwamuna, makamaka apongozi ali pomwepo. Amakhala pamphasa chapatali, maso pansi, mawu n'kumatuluka ngati akupepesa. Fulansisi naye, munthu woleredwa bwino, sakanakankhira maikolofoni kukamwa kwa mkazi wa mwini. Kale zimenezi sizinkavuta, makutu ake ankatola ngakhale kunong'ona. Koma chidwalireni malungo chaka chapitacho n'kumwa kwinini, m'khutu lakumanja munalowa nyenje yosatopa kulira, ndipo lamanzere nalo linali kutsatira mnzake. Sanauze munthu aliyense, ngakhale mkazi wake. Choipitsitsa n'chakuti makaseti anali osowa, ndiye ya ku Madzimoyo ija anali atajambulapo kale zina.

Amayi Lenia atapita, Hellen, mkulu wa ofesiyo, anamuitana. Analibe ukali, anangooneka wotopa.

"Aka si koyamba, a Fulansisi. A ku likulu akufunsa ngati sitingapeze munthu wina. Ine ndawauza kuti vuto ndi makina. Galimoto ipita ku Lusaka Lachisanu, ndipo atilola kugula chinthu chimodzi chokha. Kambiranani ndi Bizwell, mundiuze mawa. Koma ikatuluka pulogalamu ina yotere, sindidzakhalanso ndi pokubisani."

Bizwell anali msuweni wake, wokonza mawailesi ndi ma TV pafupi ndi msika wa Kapata, ndipo masiku amenewo ankatsegulanso makompyuta molimba mtima ngati anabadwa nawo. Fulansisi anamupeza atazunguliridwa ndi mawailesi ong'ambidwa mimba, fodya ali pakamwa.

"Njira zilipo ziwiri, msuweni," anatero Bizwell atamva nkhaniyo. "Yoyamba ndi saundikadi. Ndi kathabwa kolowetsa mkati mwa kompyuta. Ija muli nayo ndi yachabechabe, imachita phokoso. Yabwino imayeretsa mawu. Ndikaika n'kutseka, palibe angadziwe kuti muli chatsopano."

"Nanga yachiwiri?"

"Ampulifaya ya mahedifoni. Kabokosi, kamakhala patebulo. Waya uchoka ku kompyuta kulowa m'kabokosi, mahedifoni ulumikiza pamenepo, n'kumapotokola kachitsulo. Sikayeretsa kanthu, koma kamakweza mpaka nsabwe za m'mutu kuthawa."

"Ndiye tigule kadiyo," anatero Fulansisi msangamsanga. "Chikusokoneza ndi phokoso."

Bizwell anachotsa fodya pakamwa n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Phokoso, eti? Mwezi watha ndinabwera ku ofesi kwanu, ndinavala mahedifoni ako, ndinatsala pang'ono kugwa pampando. Unakweza kale mpaka kumapeto. Dzana ndinakuitana pamsewu, anatembenuka ndi galu wa eni ake, iwe uli nyomi kupita."

"Ndinali ndi maganizo."

"Maganizo ako amakhala m'khutu lakumanja? Kadi ndikuikira, msuweni, ine ndilibe nazo. Koma mawu oyera amene suwamva ali ngati mkazi wokongola wa mnzako, ungomva kwa ena kuti alipo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Fulansisi anayesa kuseka, koma kuseka kunakana. Ndi msuweni sukwiya, ndiwo mwambo wake, ndiye anangotola chipewa n'kutsazika.

Anayenda wapansi kubwerera kunyumba, maminibasi akumudutsa ndi fumbi lawo. Kadiyo inkamukoka mtima. Ikanalowa mwakachetechete, nkhani ya Hellen yoti vuto ndi makina ikanakhala yoona, ndipo iye akanakhalabe Fulansisi wa makutu akuthwa amene alimi a ku Chiparamba ankamutchula ndi ulemu. Kabokosi kaja ndiye ayi. Kakanakhala patebulo poyera, aliyense wolowa n'kumafunsa kuti n'kachiyani. A ku likulu nawonso akanafunsa chifukwa chake wojambula mawu akufuna chokwezera mawu. Wojambula mawu wogontha, telala wakhungu, kusiyana kwake n'kotani? Mwina akanamuchotsabe ntchito.

Koma munthuyo anali atatopa. Anatopa ndi kuyang'anitsitsa milomo ya anthu. Anatopa ndi kuseka chifukwa choti ena aseka, ndi kuyankha kuti "eya" pa zinthu zimene sanamve, ndi kusankha mpando wakumapeto m'tchalitchi kuti khutu labwino liloze kuguwa. Ndipo nkhani ya mbewu yochedwa ija, imene azimayi anaikamba mwaulemu wonse ali pamphasa, inali itapita osabweranso, ndipo woitaya anali iye. Zimenezi zinamupweteka kuposa manyazi.

M'mawa mwake anapeza Hellen akutsegula mawindo. Anaima pakhomo, chipewa m'manja, ngati munthu wodzapempha ganyu.

"Mwagwirizana chiyani ndi Bizwell?"

"Mugule kabokosi kokwezera mahedifoni, mayi."

"Osati kadi? Ndimayesa mumadandaula za phokoso."

"Kompyuta ilibe mlandu," anatero Fulansisi. "Ndi makutu angawa. Lakumanja linapita chaka chatha, lamanzere latsala theka. Kabokosiko kakabwera, mwina ndigwirabe ntchito. Pulogalamu isanapite pa basi, wina azimvetsera kaye. A ku likulu muwauze zoona, achite zimene achite. Ndipo Loweruka mundibwereke njinga yamoto, ndibwerere ku Madzimoyo ndikapepese, azimayi aja akakambenso."

Hellen anamuyang'ana. Kenako anatembenukira kuwindo, akukoka nsalu, n'kunena kanthu kena. Fulansisi anangoona mapewa ake akugwedezeka. Kaya anali mawu achifundo, kaya omuuza kuti ayambe kulongedza, iye sanadziwe. "Eya" uja anafika kale pamlomo mwachizolowezi, koma anamumeza.

"Pepani mayi," anatero, "sindinamve. Bwerani mbali ino, mubwereze mokweza."