Zala Zisanu pa Fumbi la Lole

Wapolisi amene anathyola mkono wa amuna anga anatulukiranso Lachinayi masana, m'tauni ina, atavala yunifolomu ya mtundu wina.

Ndinamuona ndi maso angawa. Ndinali kuyanika matawulo pabwalo pamene galimoto ya polisi ya Cane Ford inadutsa pang'onopang'ono ngati ikuperekeza maliro. Woyendetsa anatsitsa galasi n'kundiyang'ana. Sanamwetulire, sanapereke moni. Anangokhudza chipewa chake ndi zala ziwiri. Anali Hoyt Garrity.

Zaka ziwiri m'mbuyomo tinkakhala ku Tolliver. Amuna anga, a Cleon Pruitt, amayendetsa lole yogawa buledi m'masitolo. Tsiku lina Garrity anawaimitsa, ati nyali ya kumbuyo sinkayaka. A Cleon atafunsa kuti nyali iti, iye anawatsitsa n'kuwapotokolera mkono wamanzere kumsana mpaka fupa linalira. Ndinapita ndekha kwa mkulu wa polisi ya Tolliver kukadandaula. Patatha milungu isanu tinalandira kalata yoti nkhani yatsekedwa, chifukwa Bambo Garrity asiya ntchito mwa kufuna kwawo. Tinasangalala, zitsiru ife. Tinawotcha nkhuku n'kuitana abale. Kenako tinasamukira ku Cane Ford, ulendo wa maola awiri pagalimoto, kuti tikaiwale.

A Cleon ataweruka ndinawadikira avule nsapato.

"Ndamuona Garrity," ndinatero.

"Mayi a Renita, mwayamba kuona mizukwa dzuwa likuswa mtengo? Uja anachoka kalekale."

"Mzukwa umayendetsa galimoto ya boma?"

Anayamba kusisita chigongono chawo chopindikacho, maso ali pansi. Pamenepo ndinadziwa kuti iwo anali atamuona kale.

"Kangati?"

"Katatu."

Anandifotokozera. Lachinayi lililonse lole yawo imadutsa msewu wa pakati pa minda ya thonje, kumene kulibe nyumba ngakhale imodzi. Garrity ankawadikira kumeneko. Sankaliza belu la polisi, ankangothwanimitsa nyali. Apolisi onse kuno akaimitsa galimoto amakhudza kumbuyo kwake asanafike pazenera, kuti zala zawo zitsalirepo ngati chinachake chitachitika. Koma Garrity ankasindikiza chikhatho chonse pachitseko cha lole n'kukhalitsa, ngati munthu amene akumva kutentha kwa mwana wodwala. Akafika pazenera sankafunsa layisensi, sankalemba kanthu. Ankangoima.

"Amati chiyani?"

"Amati, 'Mkono uli bwanji, a Pruitt?' Ndikati uli bwino bwana, amati, 'Muyende bwino.' Basi."

Ndinatuluka kukaona lole. Pachitseko chakumbuyo panali manja atatu m'fumbi, oyandikana bwinobwino ngati owayeza ndi lula.

Mlungu wotsatira dzanja lachinayi silinali palole. Linali pagalimoto yathu yaing'ono, imene inali itakhala kuseri kwa nyumba mwezi wathunthu chifukwa cha batire. Tsiku limenelo tonse tinali kuntchito. Geti tinalipeza lotseka monga tinalisiyira. Galu wathu, amene amauwa ngakhale tsamba likagwa, tinamupeza pansi pa masitepe ali phee, osafuna kutuluka.

Loweruka a Cleon anabwera ndi makatoni opanda kanthu khumi ndi awiri.

"Tikupita kwa achimwene kumpoto," anatero.

"Ine ndangolowa kumene ntchito kochapa zovala za kuchipatala. Renita watsala chaka chimodzi kuti amalize sukulu. Ndisamukenso chifukwa cha munthu mmodzi?"

"Mkono wanditsalira umodzi, Wanda. Ukufuna aumalizenso?"

Akanditchula dzina langa lenileni ndiye kuti zafika povuta.

Amene anatilekanitsa anali Mayi Odessa Fontenot a nyumba yoyandikana nafe. Ndi mayi wachikulire wosuta ndudu zazitali, ndipo anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi m'chipinda cha wailesi ya polisi m'boma lina. Anali atatsamira mpanda, akutiyang'ana mosabisa.

"A Cleon, makatoni onsewa mwatsegula sitolo? Kapena mkazi wakuthamangitsani tsopano?"

"Akanandithamangitsa bwenzi ndikuvina, mayi."

"Bwerani kuno nonse. Galimoto ya polisi ija ndinaiona Lachinayi. Inaima pageti panu mphindi zisanu ndi ziwiri."

Tinakhala pakhonde pawo, ndinawafotokozera zonse kuyambira ku Tolliver. Ndinawaonetsa ndi kalata ija. Anaiwerenga ataitalikitsa, kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Kalata ngati iyi ndaionapo kangapo. Iwe Wanda, unkaganiza kuti munthuyu anachotsedwa upolisi?"

"Si zomwe yalembedwa?"

"Yalembedwa kuti wasiya ntchito ku Tolliver. Tamvera. A Cleon akasiya ntchito ya buledi lero, layisensi yoyendetsera lole amaisiya kubekale?"

"Ayi, ndi yanga," anatero a Cleon.

"Wapolisinso ali ndi chiphaso chake. Yunifolomu ndi ya tauni, mfuti ndi ya tauni, koma chiphaso ndi chake. Sichiperekedwa ndi mkulu wa polisi. Chimachokera ku bungwe la boma la chigawo chathu, kulikulu, ndipo ndi okhawo angachilande. Ndiye wochenjera akaona kuti amufufuza, amasiya ntchito kufufuzako kusanathe. Mkulu wake amapuma, fayilo imatsekedwa, iye amanyamula chiphaso choyera kupita nacho tauni yotsatira. Tauni zazing'ono ngati yathuyi zimasowa apolisi, sizifunsa zambiri. Ife mu wailesi tinkawatcha oyendayenda. Umamva mawu a munthu chaka chino akuyankha dzina la tauni ina, chaka chamawa mawu omwewo, tauni ina."

"Ndiye tikadandaule kwa mkulu wa polisi wa kuno?" ndinafunsa.

"Ukapita kwa iye yekha, Garrity asiyanso ntchito, ndipo mudzamupeza kumpoto akukudikirani musanatsitse makatoni. Kwa mkulu wa kuno lembani, inde, kuti asadzati sanadziwe. Koma dandaulo lenileni lipite kubungwe la ziphaso. Kumeneko munthu akasiya ntchito nkhani siitha."

A Cleon anapukusa mutu. "Nanga akamva kuti tamunenera?"

"Amva. Sindikunamizani, amva ndithu. Koma panopa akukuchitani zimenezi chifukwa akudziwa kuti palibe akuona. Tsono ndifunse. Akakuimitsani, amalankhula pa wailesi asanatsike?"

A Cleon anaganiza. "Ayi. Ndimamuona pagalasi. Amangotsika."

Mayi Odessa anazimitsa ndudu yawo pang'onopang'ono.

"Ndiye wadzimangirira yekha chingwe. Wapolisi akaimitsa galimoto amayenera kutiuza ife a mu wailesi, malo ndi nambala ya galimotoyo, ife n'kulemba nthawi. Ngati sakunena, buku la wailesi lilibe kanthu. Koma galimoto za masiku ano zili ndi kachipangizo kosonyeza pamene zaima. Wina akadzayika ziwirizo pamodzi, adzafunsa kuti bwana munkatani m'munda wa thonje."

Anatiuza zochita, ndipo anatiuza ngati akulamula ana. A Cleon asakangane naye pamsewu, manja akhale pachiwongolero. Garrity akangochoka, alembe m'kabuku tsiku, nthawi, malo, nambala ya galimoto ndi mawu amene wanena. Manja a m'fumbi tiwajambule. Tipeze mapepala a kuchipatala a mkono uja. Kalata ya ku Tolliver tisaitaye.

"Ndipo mphindi zisanu ndi ziwiri zija ndikachitira umboni ndine," anatero. "Ine ndakalamba, andithyola chiyani chomwe sichinathyoke kale?"

Lolemba ndinapita kulaibulale ndi Renita, tinadzaza fomu ya bungwe lija pa kompyuta. Sanatifunse loya, sanatilipiritse. A Cleon anasaina. Makatoni sanawataye, anangowaunjika m'khonde la m'kati, ndipo tinkawalambalala osawatchula.

Panadutsa Lachinayi awiri, Garrity akuwaimitsabe. Mlungu wachitatu kunabwera foni ya Mayi Corliss Vance, wofufuza wa bungwelo. Anabwera kunyumba ndi chikwama cha mapepala, anakana khofi, ndipo anafunsa mafunso maola awiri. Sanatilonjeze kanthu. Anangotisiyira nambala yawo, nati tikaona chachilendo tiimbe nthawi yomweyo.

Lachinayi lotsatira Garrity anali atamva. Anawaimitsa malo omwe aja. Sanakhudze lole. Sanafunse za mkono. Anaima pazenera mphindi khumi ndi imodzi osatulutsa mawu, a Cleon akuyang'ana wotchi ya m'lole, thukuta likuyenderera m'maso, osayerekeza kuchotsa dzanja pachiwongolero kuti apukute. M'mundamo munalibe ngakhale mbalame. Kenako Garrity anabwerera kugalimoto yake n'kumapita.

A Cleon analemba nthawiyo, naimbira Mayi Vance ali pomwepo. Pofika Lolemba mkulu wa polisi ya Cane Ford anali atamulanda Garrity makiyi a galimoto n'kumukhazika mu ofesi. Patapita masiku anayi, Garrity anasiya ntchito mwa kufuna kwake.

"Waona?" anatero a Cleon. "Wathawanso."

Ndinaimbira Mayi Vance. Anandiyankha mwachidule. "Wasiya ntchito ya ku Cane Ford, mayi. Ife sitikuzenga za ntchito. Tikuzenga za chiphaso. Tsiku la mlandu mudzauzidwa."

Tinadikira miyezi isanu ndi inayi. Sindibisa, inali yaitali. Galimoto iliyonse yoyenda pang'onopang'ono inkandiimitsa mtima.

Tsiku litakwana tinapita kulikulu atatu, ine, a Cleon ndi Mayi Odessa. Anatikhazika pabenchi m'khonde lalitali lozizira, kunja kwa chipinda cha mlandu. Moyang'anana nafe panakhala amuna awiri amene sitinkawadziwa. Wina anali mkulu wa imvi wovala jekete la kutchalitchi, wina wa zaka ngati makumi atatu wovala ovololo ya kugalaja. Sankadziwana, aliyense anakhala kumapeto kwake kwa benchi.

Mayi Odessa anandigunda ndi chigongono. "Taona manja."

Onse awiri anagoneka mkono wamanzere pamwendo, wopindika pachigongono, dzanja lamanja likuusisita. Ndinatembenuka kuyang'ana a Cleon. Anakhala chimodzimodzi. Amuna atatu, matauni atatu, mkono umodzimodzi. Anayang'anizana.

Mkulu wa imvi uja ndiye anayamba. "Inunso anakupatsani kalata yoti nkhani yatsekedwa?"

"Eya," anatero a Cleon.

"Yanga ili ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ndinkaganiza kuti ndine ndekha."

"Ine sindinadandaule n'komwe," anatero wa ovololo. "Anachita kundifufuza Mayi Vance aja."

M'chipindamo munali anthu asanu ndi awiri patebulo lalitali, ena apolisi akuluakulu, ena anthu wamba. Garrity anakhala pambali ndi loya wake, atavala malaya oyera. A Cleon anafotokoza zonse zimene Garrity anawachita. Mayi Odessa ananena za mphindi zawo zisanu ndi ziwiri, ndipo loya atawafunsa ngati maso awo amaona bwino, anati, "Mwana wanga, ndikuona kuti tayi yako ili ndi dontho la supu." Ngakhale wapampando anabisa pakamwa.

Kenako Mayi Vance anaika mapepala awiri patebulo. Limodzi linali kabuku ka a Cleon, lina losonyeza pamene galimoto ya Garrity inkaima. Masiku ndi nthawi zinagwirizana mpaka mphindi. Buku la wailesi linalibe ngakhale mzere umodzi. Wapampando anamufunsa Garrity chimene ankachita m'munda wa thonje Lachinayi asanu ndi limodzi, ndiponso pageti pathu. Iye anayang'ana loya wake. Loyayo anayang'ana mapepala.

Anavota pamaso pathu, pokweza manja. Onse asanu ndi awiri. Chiphaso chinalandidwa. Wapampando anati dzina lake lilembedwa pamndandanda wa olandidwa ziphaso, umene polisi za m'zigawo zina zingathe kuuona munthu akakafunsira ntchito.

Potuluka, Garrity anadutsa pafupi nafe. Ndinamuyang'ana m'maso dala. Anali mwamuna wamba wa msana wowerama pang'ono, akufufuza m'thumba makiyi a galimoto yake.

Mkono wa a Cleon sunawongoke, ndipo sudzawongoka. Koma sitinasamuke. Renita anamaliza sukulu ku Cane Ford, ndipo a Cleon amadutsa msewu wa m'minda uja wailesi ya nyimbo ikulira.

Tsono inu amene mukuwerenga, tengani izi. Wapolisi akakulakwirani, kusiya kwake ntchito si chilango, ndipo kalata yoti nkhani yatsekedwa si mapeto. Funsani kuti ndani amapereka chiphaso chake kapena kuyang'anira khalidwe la apolisi kwanuko, ndipo dandaulo lanu likafike kumeneko. Lembani tsiku, nthawi, malo ndi nambala. Sungani pepala lililonse. Ife tinaphonya khomo loyenera ulendo woyamba, ndipo mkulu wa imvi uja analiphonya zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Akanalidziwa iye, bwenzi amuna anga lero akunyamula buledi ndi manja awiri.