Kalata Imene Inaitana a Whiteson ku Koleji

"Kuyambira kuno ku Zemba mpaka ku Zingalume, palibe munthu anatsegulapo buku osadzera m'manja mwanga. Tsopano ngakhale akuluakulu adziwa. Akundiitana ku koleji kuti ndikaphunzitse anyamata awo aja kuwerenga."

Anatero a Whiteson, mphunzitsi wa sukulu yathu yofolera udzu, akusisita thumba la jekete momwe munali kalata. Munali mu Ogasiti, chaka cha 1956. Kalatayo inachokera kwa Bambo Manija, woyang'anira masukulu a mishoni, ndipo inali yotayipa m'Chingerezi, masamba awiri. Tonse tinaimva. Anatiwerengera potuluka m'tchalitchi, anatiwerengera pamaliro, ndipo ena amati anawerengeranso ng'ombe za a Zebron zikupita kudambo. Kuwerenga ankakutha ndithu. Mawu ankagwa ngati mvula pamalata. Tikafunsa tanthauzo lake ankati, "Akuthokoza, ndipo akundiitana. Zinazo n'zakuya."

Iwo ku koleji anali asanapondeko, analekera Sitandade 4. Ine ndinalekera Sitandade 2, ndiye sindingawaseke kwambiri. Ndimangowaseka pang'ono.

Mwezi womwewo kunabwera Timoti, mwana wa mlongo wawo, pamodzi ndi mnzake Fulansisi. Onse ankaphunzira uphunzitsi ku koleji ya amishoni, ndipo anabwera patchuthi ndi buku lobiriwira, lolemera ngati njerwa, lonena za kaphunzitsidwe ka ana. Mayeso a bukulo onse anali atalephera. Mawu ankawatchula bwinobwino, koma akafunsidwa chimene wolemba akunena, ankayang'ana kudenga. Anauzidwa kuti akadzalepheranso adzabwerera kukhasu.

"Mwafika pamalo pake," anatero a Whiteson. "Mudzakhala oyamba. Anzanu ndikawapeza komweko."

Anawaimika pabwalo la sukulu, chifuwa patsogolo, buku m'manja. Anayambira pachikuto, dzina la wosindikiza ndi mzinda wake womwe, osadumpha kanthu. Mawu akatuluka mofooka, ankabwereza. Masiku atatu anafika patsamba lachisanu ndi chinayi, Fulansisi mawu atasasa. Tsiku lachinayi a Whiteson anadikira pabwalo ndi ndodo yawo mpaka dzuwa linafika pamutu. Sikunabwere munthu.

Anakawapeza pansi pa mtengo wa mango kwa a Aleck, msuweni wa a Whiteson, wokonza njinga. A Aleck anakhala zaka khumi m'mafamu a fodya kunja kwa dziko, ku Walale, ndipo anabwerako ndi sipanala, Chingerezi cha kukhitchini, ndi luso lowerengera amayi makalata a amuna awo. Pa nthawiyi anali chigonere pansi, akumanga tcheni, anyamata atakhala pamatayala ndi buku lawo.

"Musayambe ndi moni," ankatero a Aleck. "Mwamuna akalemba kuti ndili bwino kaya inu, kaya mbuzi, kaya amayi, ameneyo akungoyeretsa kukhosi. Nkhani ili kumunsi. Kumeneko n'kumene amanena kuti chaka chino sindibwera. Buku lanulinso linalembedwa ndi munthu. Pitani kumapeto kwa mutuwo, mukaone chimene akufuna. Mukachipeza, bwererani kumayambiriro muone mmene akukunyengererani."

Timoti anatembenuza masamba, nawerenga chamumtima.

"Tseka tsopano. Undiuze m'Chichewa, ngati ndine mayi wodikira mwamuna wake."

"Akuti mwana sagwira chinthu chimene sanachione kapena kuchikhudza."

"Masamba angati amenewo?"

"Makumi awiri."

"Aa, mzungu ameneyu akanakhala wokwatira, mkazi wake akanavutika. Bwerera tsono, ukaone umboni wake. Ukapeza mawu okukanika, usaime, udumphe ngati chithaphwi. Ukawaonanso kachitatu, amenewo ndi eni mudzi, ukawafunse dzina."

A Whiteson anatsokomola.

"Asuweni, takulandirani," anatero a Aleck osadzuka. "Njinga yatani?"

"Njinga ili bwino. Ndabwera kudzatenga ana anga. Kodi iwe Timoti, buku la ku koleji ulitsegula ndi sipanala?"

"Pepani amalume, tinangodutsa."

"Kudutsa ndi mitondo iwiri ya mtedza wokazinga?"

Apa anakokomeza, inali mbale imodzi. Koma mbaleyo anaizindikira. Inali ya kunyumba kwawo, ndipo amene anaibweretsa anali akazi awo omwe, a Elinata.

Kuyambira tsikulo a Whiteson anayamba kudwala matenda opanda dzina. Chakudya sichinkawakomera. Njinga yawo, imene inatha zaka zitatu osaboola, inayamba kuphwa kawiri patsiku, ndipo nthawi zonse inkaphwera pafupi ndi mango aja. A Aleck ankaviika chubu m'beseni, osaona thovu ngakhale limodzi, n'kupopa mwaulemu, n'kunena kuti, "Minga ya chaka chino ndi yochenjera, asuweni, imangomasula valavu." A Whiteson ankaima pamenepo khutu lili kwa anyamata, nkhope ili kumwamba ngati akuwerenga mango osapsa.

Chimene chinkawapweteka kwambiri chinali kuseka. Kwa iwo palibe anasekapo ndi buku m'manja. Kuno anyamata ankakangana ndi wolemba ngati ali pomwepo. Fulansisi, uja wosasa mawu, anafika ponena kuti, "Apa bamboyu wanama, sanaonepo kalasi ya ana makumi asanu ndi limodzi." A Aleck anamuuza kuti alembe zimenezo m'mphepete ndi pensulo, ndi tsamba lake, kuti akakafunsidwa asakanene zam'mutu.

A Whiteson anapita kwa mlongo wawo, a Lonia, mayi a Timoti.

"Mwana uja akuonongeka. Akuwerenga chobwerera m'mbuyo."

"Kaya, achimwene," anatero a Lonia akuswa mtedza. "Ine dzulo wandifotokozera zimene amaphunzira, ndipo ndamva. Chipitireni ku koleji n'koyamba."

"Zimene mwamva inu ndiye kuti si za ku koleji."

Analetsa ana a sukulu kukapopa mpira kwa a Aleck. Anauza a Elinata kuti mtedza wa m'nyumba mwawo usamawoloke msewu. A Elinata anavomera, n'kuyamba kutumiza mbatata.

Lamlungu lomaliza tchuthi chisanathe, titatuluka m'tchalitchi, a Whiteson anaima pachulu cha pakhomo n'kukweza dzanja. Anthu anaima, poganiza kuti kuli maliro.

"Abale, pali anthu akuti kuwerenga kumaphunziridwa pansi pa njinga. Lero tione. Timoti, bwera kuno. Kalata iyi nonse mukuidziwa. Uiwerenge, anthu amve kusiyana kwake."

Timoti anailandira ndi manja awiri. Sanatulutse chifuwa. Anayang'ana pamwamba kuti aone wolemba, kenako anatembenuza n'kupita kumunsi kwa tsamba lachiwiri.

"Mwaona?" anatero a Whiteson. "Wayambira kumchira."

Anthu anaseka. Timoti sanaseke. Anabwerera kutsamba loyamba, chala chikuyenda pang'onopang'ono, n'kupitanso kumapeto. Fulansisi anasuzumira paphewa pake, ndipo atawerenga anayamba kuyang'ana nsapato zake.

"Mawu atha?" anafunsa a Whiteson.

"Amalume, bwanji tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kuli mbatata. Pano pali anthu. Paja mwambo wanu ndi wotseka pepala n'kunena m'Chichewa. Tseka, unene."

A Aleck, amene anali atatsamira njinga kumbuyo kwa gulu, analankhula koyamba. "Asuweni, mwanayo wapempha bwino. Mumvereni."

"Iwe khala chete, wophunzira wako akuyesedwa. Nena, Timoti. Akuthokoza?"

"Akuthokoza, amalume. Tsamba loyamba lonse."

"Akundiitana ku koleji?"

"Akukuitanani."

A Whiteson anatembenukira kwa anthu, manja ali m'chiuno. "Pitiriza."

Timoti anapinda kalata monga anaphunzitsidwira, nayang'ana pansi.

"Akuti woyendera masukulu atabwera chaka chatha, anapeza kuti ana a pano amatchula bwino mawu koma sadziwa chimene awerenga. Ndiye aphunzitsi otere akuwaitana miyezi itatu, akakhale pabenchi, akaphunzire kuwerenga momvetsa. Okawathandiza masana ndi ife a chaka chachiwiri. Akuti mukabwere ndi bulangete, mbale, ndi pensulo ziwiri."